Diresi la m'ma 1950 likamakuonetsani ngati mukupita kukachita sewero

Vuto lake limabwera motere. Mwaliona diresi pachithunzi, logwira bwino m'chiuno, m'munsi lotambasuka ngati ambulera. Mwalipeza, mwalivala, mwapaka milomo yofiira, mwapota tsitsi, mwanyamula ndi kachikwama kam'manja. Kuima pagalasi, chilichonse chili m'malo mwake koma mtima sukukhazikika. Amene akukuyang'anani m'galasimo si inu, ndi munthu wina amene wavalira sewero. Mukangotuluka, woyamba kukumana naye akufunsani kuti, "Kuli chiyani lero?" Diresi lija libwerera m'kabati, ndipo pakatha miyezi ingapo mugula lina n'kubwereza zomwezo.

Ine ndinazungulira njira imeneyi kangapo ndisanazindikire kuti mavutowa ndi awiri, ngakhale pagalasi amaoneka ngati limodzi. Lina ndi kuchulutsa zakale pathupi limodzi. Lina ndi chovalacho kukana kukhala bwino pathupi la lero. Mankhwala a limodzi sachiza linzake, ndiye muyambe mwadziwa kuti lanu ndi liti.

Pemphani wina akujambuleni thupi lonse pafoni, kenako chithunzicho muchichotse mitundu, chikhale chakuda ndi choyera. Muchiyang'ane ngati cha mlendo. Kodi pali chilichonse chosonyeza kuti chajambulidwa chaka chino? Ngati palibe, mwachulutsa. Ngati chilipo, koma maso anu akungothamangira pa makwinya a m'chiuno, pa mabatani oyasama kapena pa mpendero wokhota, ndiye kuti vuto lili pa kasokedwe.

Kumene zinthu zimasokonekera

Maonekedwe amene ambiri timawalota tikamanena za vintage, kutanthauza zovala za masitayilo akale, anayambira ku Paris pa 12 February 1947, tsiku limene katswiri wopanga masitayilo a zovala, Christian Dior, anaonetsa zovala zake zoyamba. Mapewa ofewa, chiuno chopanikizidwa, siketi yaitali yodya nsalu yambiri. Carmel Snow, mkonzi wa magazini ya Harper's Bazaar, ndiye anazipatsa dzina loti New Look. Zinadabwitsa anthu chifukwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene ndipo nsalu inali ikadali yosowa. Ku Britain zovala zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1941 mpaka 1949, n'chifukwa chake madiresi a nthawi ya nkhondo ndi ofupikirako, owongoka, a mapewa otakata. Kenako panabwera siketi yothina yowongoka, A-line ya Dior (yotambasuka kutsika m'munsi ngati chilembo A) mu 1955, diresi lopanda chiuno la Balenciaga mu 1957, mpaka masiketi aafupi a Mary Quant ku London m'ma 1960. Choncho mawu akuti vintage akunena masitayilo angapo osafanana, ndipo kuwaunjika pamodzi n'kumene kumayamba kuononga zinthu.

Koma chachikulu chimene zithunzi sizionetsa ndi cha mkati. Diresi la m'ma 1950 silinkavalidwa pathupi lokhalokha. Pansi pake pankakhala girdle yomanga mimba ndi chiuno, bra yosongoka yokweza mabere m'mwamba, ndi pitikoti yolimba yokankhira siketi kunja. Telala ankayeza thupi lomangidwa kale. Nsalu zake sizinkatamuka, pakuti ulusi wotamuka wotchedwa spandex anautulukira mu 1958 ndipo unatenga nthawi kuti ufike m'zovala wamba. Ife lero tikufuna kupuma bwino, kukhala pampando tsiku lonse, kuthamangira basi. Tikuvala denga la nyumba popanda mizati yake, ndiye tisadabwe likamapendekeka.

Ngati mwachulutsa

Werengani zinthu zimene zikulankhula za nthawi yakale pathupi panu: diresi, kapotedwe ka tsitsi, milomo, mzere wa m'maso wokwezera m'mwamba, nsapato, chikwama, mkanda wa ngale, magalasi osongoka m'makona, magolovesi. Zikapitirira ziwiri, mwalowa m'sewero. Ine ndimalola chimodzi chachikulu ndi china chaching'ono, basi. Zotsalazo zikhale za lero, ndipo zizioneka kuti ndi za lero.

Poyambira kuchotsa ndi kumutu. Tsitsi ndi nkhope n'zimene zimaulula chaka kuposa chovala. Diresi lomwelo limene linkaoneka ngati la m'chithunzi chakale limasanduka diresi lokongola chabe mukalivala ndi tsitsi lanu la masiku onse. Ngati milomo yofiira simungaisiye, ndipo ine sindikuuzani kuti muisiye, ndiye maso muwasiye opepuka ndipo tsitsi lisapotedwe.

Chachiwiri ndi nsapato. Siketi yotambasuka ikakumana ndi nsapato zagogoda zokhala ndi kalamba pamwamba, imabwerera ku 1955 nthawi yomweyo. Siketi yomweyo ndi masinika oyera, kapena masandasi a zingwe zochepa, kapena nsapato zafulati zosongoka kutsogolo, imakhala ya lero. Izitu si zachilendo kwenikweni. Claire McCardell, wopanga masitayilo a zovala wa ku America, ankaveka kale akazi nsapato zafulati za ovina ballet m'ma 1940, pamodzi ndi madiresi okhala ndi matumba oti munthu n'kugwira nawo ntchito.

Njira imene sinandikhumudwitsepo ndi kugawa chovalacho pakati. M'malo mwa diresi lathunthu, valani siketi yotambasuka ndi tisheti yosalemba kanthu, yopisira mkati. Kapena kajuzi kakafupi kamabatani, kothera m'chiuno, pamwamba pa jinzi yotakasuka. Kapena thalauza yothina yolekezera pamwamba pa akakolo ndi shati yaikulu ngati ya abambo. Theka lina likamakumbutsa zakale, theka linalo limatsutsa, ndipo kukanganako n'kumene kumapatsa chovala moyo.

Pano ndinenepo za nsalu, chifukwa ambiri timagwera pamenepa. Madiresi atsopano osokedwa motengera akale amakonda kukokomeza: madontho akuluakulu oyera pa nsalu yofiira, zithunzi za zipatso, kolala yoyera, riboni pachifuwa, zonse pa diresi limodzi. Amayi a nthawi imeneyo sankavala choncho tsiku ndi tsiku. Yang'anani zithunzi za anthu wamba ali pamsewu kapena kuntchito, mupeza zovala zambiri za mtundu umodzi, zotuwa, zabuluu woderako, zakhofi. Mukafuna kuti kasokedwe kakale kaoneke ka lero, sankhani nsalu ya mtundu umodzi kapena ya mizere yosavuta. Kasokedweko kakukwanira kulankhula pakokha. Ndipo poliyesitala wonyezimira, wopyapyala, ngakhale atasokedwa bwino chotani, amaoneka ngati chovala chobwereka.

Palinso vuto lotembenuka, pamene simukuoneka ngati wa sewero koma ngati mwakalamba zaka khumi usiku umodzi. Kawirikawiri wolakwa ndi kutalika. Mpendero ukathera pamene katumba wa mwendo wanenepa kwambiri, miyendo imaoneka yaifupi ndi yolemera. Ukwezeni ufike pansi pa bondo penipeni, kapena utsitseni ufike pamene mwendo wayamba kuwonda kulowera ku akakolo. Kusiyana kwake kungakhale masentimita 5 okha, koma pagalasi ndi anthu awiri. Onaninso kuti khosi, manja ndi miyendo zisatsekedwe zonse nthawi imodzi. Pindani manja a juzi, masulani batani limodzi.

Chiuno chikakhala pena, inu pena

Apa ndipamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa masitayilo onsewa amaima kapena kugwa pa msoko umodzi wa m'chiuno.

Zovala za lero zatizoloweretsa kuganiza kuti chiuno chili pamene jinzi imakhala. Chiuno chimene madiresi awa amafuna chili m'mwamba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'mbali, kwa ambiri pamwamba pang'ono pa mchombo. Kuti muchipeze, mangani kachingwe kotamuka pamimba, mupendekere uku ndi uku, mukhale pansi, muimirire. Pamene kachingweko kakhazikika ndi pomwepo. Kenako wina akuyezeni kumsana, kuchokera pa fupa lotumphuka la kumbuyo kwa khosi kufika pa kachingweko. Nambala imeneyi muisunge m'foni. Ndi yofunika kuposa saizi iliyonse yolembedwa pa lebulo.

Msoko wa diresi ukakhala m'munsi mwa chiuno chanu, nsalu imaunjikana kumsana ngati thumba, ndipo zipi imapindika ngati njoka. Zimenezi telala amakonza mosavuta: amamasula siketi, n'kudula pang'ono chigawo cha pamwamba, n'kulumikizanso. Msoko ukakhala m'mwamba, siketi imayambira pa nthiti ndipo mumaoneka ngati ndinu oyembekezera. Ili ndi lovutirapo, chifukwa nsalu yoonjezera kulibe. Nthawi zina lamba wotakata amabisa kusiyanako. Nthawi zina telala amaika kansalu ka mtundu wina pakati kuti kaoneke ngati lamba wosokerera. Kusiyana kukakula kwambiri, diresilo si lanu, ndipo ndi bwino kuvomereza musanaononge ndalama.

Lamba nayenso ali ndi khalidwe lake. Wofewa amapindika mukangokhala pansi, n'kukhala ngati chingwe. Funani wolimbako, ndipo ngati thunthu lanu ndi lalifupi, musapitirire masentimita 3 kapena 4 m'lifupi mwake, apo ayi adya malo onse pakati pa mabere ndi chiuno. Lamba wa chikopa wamba, wopanda zokongoletsa, amathandizanso kukokera diresi ku masiku ano kuposa uja wa nsalu yofanana ndi diresi.

Kodi muyenera kuvala zomanga thupi? Ine ndimati ayi, pokhapokha inuyo mukuzikonda. Chiuno chimaoneka chaching'ono chifukwa cha zimene zili pamwamba ndi pansi pake. Siketi ikatambasuka ndipo mapewa akakhala bwino, diso limadzinamiza lokha. Sokani diresi pa thupi limene muli nalo, lopuma, litadya.

Za saizi musavutike nazo. Diresi lenileni la m'ma 1950 ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la nambala yomweyo lero, ndipo opanga zovala sagwirizana ngakhale pano. Yalani diresi patebulo, muyeze kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linzake, muwirikize kawiri. Chitaninso chimodzimodzi m'chiuno. Pa nsalu yosatamuka, diresi lipose thupi lanu ndi masentimita pafupifupi 5 pachifuwa ndi 2 kapena 3 m'chiuno. Likangofanana ndendende ndi thupi, mulowamo koma simudzakhala pansi.

Pachifuwa

Mabatani akamayasama, musathamangire kugula saizi yaikulu. Onani kaye ngati pali batani pamalo pamene chifuwa chatumphuka kwambiri. Nthawi zambiri malowo amagwera pakati pa mabatani awiri, ndipo kabatani kobisika kodina kamodzi kamathetsa nkhani. Koma ngati makwinya akuchoka pa batani kulowera m'khwapa, nsalu ndiyo yachepa, ndipo kabatani sikathandiza.

Pa madiresi enieni akale mudzaona kuti madati, timisoko tija topanga malo a mabere, amathera m'mwamba ndipo amasiya kansonga kopanda kanthu. Anasokera bra yosongoka ija. Yambani ndi kufupikitsa zingwe za bra yanu, mwina zikwanira. Zikakanika, telala atsitse datiyo ndi kuifupikitsa kuti ithere masentimita 2 kapena 3 isanafike pansonga ya bere.

Siketi yotambasuka: mpendero wokhota ndi pitikoti

Siketi yanga yoyamba yozungulira ndinaipereka kwa telala wina ndikumuumiriza kuti ndiifuna mawa lake. Anaisoka, anapinda mpendero tsiku lomwelo, ndipo inali bwinobwino. Patatha sabata inayamba kulendewera malo ena, kukwera malo ena, ngati mafunde. Ndinamukwiyira kwambiri, koma wolakwa weniweni anali changu changa. Siketi yodulidwa mozungulira imakhala ndi mbali zimene ulusi wa nsalu wapingasa, ndipo mbali zimenezo zimatamuka ndi kulemera kwake. Iyenera kupachikidwa tsiku lathunthu kapena awiri isanapindidwe. Kenako muivale ndi nsapato zimene muziyenda nazo, wina ayeze ndi rula kuchokera pansi kupita m'mwamba kuzungulira siketi yonse, akuika mapini. Kuyeza kuchokera m'chiuno kutsika kumanamiza, chifukwa kumbuyo kumadya nsalu yambiri kuposa kutsogolo. Siketi imene yakhota kale imakonzedwa mwa njira yomweyi, kungoti ifupikako.

Kwa amene mumasoka nokha, bowo la m'chiuno la siketi yozungulira yathunthu mumalipeza pogawa muyezo wa chiuno ndi 6.28. Chiuno cha masentimita 78 chimapereka pafupifupi 12.4, ndipo ndiwo mtunda woyeza kuchokera pakona ya nsalu yopinda. Dulani mocheperako pang'ono, bowolo limakula lokha. Ndipo ngati siketi yathunthu ikukuchulukirani pa ntchito za tsiku ndi tsiku, ya theka imagwa mofatsa, siuluka kwambiri ndi mphepo, ndipo ndi imene ine ndimavala kawirikawiri.

Pitikoti ndiyo imasiyanitsa kwambiri chovala cha masana ndi cha sewero. Ya magawo atatu yolimba isiyireni madyerero. Masana valani yofewa ya gawo limodzi, kapena musavale n'komwe ngati nsalu ya siketi ili ndi thupi lake. Ikhale yaifupi kuposa siketi ndi masentimita 2 mpaka 5. Ikatalika imasuzumira, ikafupika kwambiri siketi imathyoka pamene pitikoti yathera n'kupanga ngati shelefu. Ukonde wa nayiloni umakanda miyendo ndi kukoka ulusi wa masokosi, choncho pansi pake pakhale kansalu kosalala. Yafota chifukwa chopanikizika m'kabati? Ipachikeni chadodolido m'bafa muli nthunzi, iuma itadzukanso.

Siketi yothina ili ndi matenda amodzi okha amene amaoneka mosiyanasiyana: kukwera poyenda, kuzungulira mpaka zipi ifike pamimba, kung'ambika pa mpata wa kumbuyo. Zonsezi zikutanthauza kuti yathina m'matako. Gulani yokwana pamenepo, chiuno telala achepetse. Pamwamba pa mpatawo asokepo kansalu kolimbitsa mkati isanang'ambike, osati itang'ambika.

Chikakhala chakale chenicheni

Mukapeza diresi lenileni la zaka zimenezo pakati pa zovala zakaunjika, zizindikiro zake ndi zipi yachitsulo, nthawi zambiri ya m'mbali pansi pa khwapa, misoko yodulidwa mano-mano mkati, ndi kusowa kwa lebulo ya kachapidwe, pakuti ku America lamulo la malebulo amenewa linabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Musanalipire, liyang'anitseni padzuwa. Timabowo ta njenjete timaoneka pamenepo. Kokani pang'ono nsalu ya m'khwapa ndi ya pamapewa. Ikamalira ngati pepala kapena kusweka yokha, yafa, ndipo palibe singano imene ingaidzutse. Madontho achikasu a thukuta amene akhala zaka 60 nawonso kawirikawiri sachoka.

Zipi yachitsulo ikamakakamira, musaikoke ndi mphamvu. Pakani nsonga ya pensulo kapena kandulo m'mano mwake, muyendetse pang'onopang'ono. Pensulo isayandikire nsalu yoyera. Mkati mwa madiresi ena mumakhala kalamba kansalu kokhala ndi ngowe. Kolani kameneko choyamba, ndiko kamanyamula kulemera kwa siketi kuti zipi isavutike. Diresi la zipi ya m'mbali limavalidwa kudzera kumutu, osati kumiyendo.

Fungo la m'sutikesi limachoka ndi mphepo kuposa sopo. Pachikani pamthunzi podutsa mphepo masiku angapo. Thonje mungalichape ndi manja m'madzi ozizira, mutayesa kaye pamalo obisika ndi kansalu koyera konyowa kuti muone ngati mtundu ukusuluka. Viniga pang'ono m'madzi otsukuluzira amathandiza. Koma nsalu ya rayon, makamaka ija yokhakhala pang'ono yotchedwa crepe, isakhudze madzi. Imafooka ikanyowa ndipo imafupika. Ine ndinataya motero diresi lobiriwira limene ndinkalikonda: linalowa m'beseni lofika pansi pa mawondo, linatuluka la mwana wa sukulu, zipi yake itapindika chifukwa chitsulo sichinafupike nawo. Zoterezi zipite kwa ochapa opanda madzi. Acetate, imene imapezeka kwambiri m'nsalu zamkati ndi m'madiresi onyezimira, imasungunuka ndi simbi yotentha komanso ndi mankhwala ochotsera polishi wa zikhadabo. Sitani kunsi kwake, moto wochepa, mutayala kansalu pamwamba.

Chaubweya chilichonse chisanalowe m'kabati, chikulungeni m'pulasitiki yotseka bwino, chikhale m'firiza sabata imodzi kuti mazira a njenjete afe. Mahang'ala a waya amaboola mapewa ndi kusiya dzimbiri. Majuzi ndi madiresi olemera apindidwe, asapachikidwe.

Ndipo ulusi umakalamba msanga kuposa nsalu. Diresi lingaoneke lolimba koma misoko yake ili pafupi kutha. Musanapite nalo kulikonse, livaleni kunyumba ola limodzi: khalani pampando, weramani ngati mukumanga nsapato, kwezani manja ngati mukutenga chinthu pamwamba pa kabati. Mukamva kuti "thethe", pitani nalo pamakina, mudutsenso msoko wa m'khwapa, wa m'chiuno ndi wa kumbuyo ndi ulusi watsopano.